Tampa ya a Zakariya Ili M'chitini cha Mchere

Ayi, usalembe zoti ndinayenda bwino. Wakuuza ndani kuti ndinayenda bwino? Fufuta. Azakhali ako afunsa chifukwa chake mlongo wawo anabwerera yekha pa shapa, minibasi ija, ine n'kutsala m'njira, ndiye tiwayankhe zimenezo. Lemba monga ndikunenera, Selina, ngakhale munthu wake ndi bambo ako. Ukayamba kusalaza mawu ndionera pankhope pako.

Joana mwana wanga, ndine mayi ako. Ndili moyo, ndafika kuno ku Cuamba, miyendo yokha ndiyo yatupa. Galimoto ya bambo ako ili ku Mandimba pansi pa mtengo wa mango, pachifuwa pali pululu. Mvetsera kuyambira poyamba.

Ukudziwa zimene a Zakariya anandiuza asanatseke maso. Anati, "Mtanda wa pamanda anga udzapite kwathu ku Ngauma pa galimoto yanga, osati pa shapa ngati thumba la makala." Zaka zinayi galimoto ija yangokhala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Chaka chino abale a kumudzi atatumiza mawu kuti tsiku lapezeka, Loweruka, a padiri adzadalitsa manda, mlongo wako Armando anati, "Amayi, motoro ndiikonza ine." Ndipo injiniyo anaikonzadi, pamenepo sindimunamizira. Miyezi iwiri ali ku ofisina, kugalaja kuja, ndi mekaniko, kuiphwasula yonse, kuitsuka, kuibwezera. Tsiku limene inalira, inenso ndinalira.

Koma pali radiyadoro. Iwe sunkasamala za galimoto, ndikuuze. Ndi chija cha kutsogolo chooneka ngati chisa cha njuchi, mothira madzi oziziritsa motoro. Ya bambo ako inali ya mkuwa, yonenepa, yoti munthu mmodzi anyamule mobuula. Chaka chimene unabadwa iwe inabooka pamwamba. Bambo ako anadula batani la mkuwa pa jekete lawo la ku njanji, analiphwanthula ndi hamala, n'kulimata pabowopo ndi mtovu. Wogwira batani ndi chopanira ndinali ine. Mtovu unandidonthera padzanja, chipsera chake mpaka lero. Selina, taona apa. Waona? Lemba kuti waona.

Ndiye pali tampa, chivundikiro cha pakamwa pa radiyadoro. M'kati mwake muli kawaya kopotana, kamene kamakankha. Bambo ako ankati, "Marita, galimoto yokalamba imafuna tampa yofewa. Madzi akakwiya azipeza potulukira. Ukaitseka pakamwa ndi tampa yolimba, iphulikira kumimba." Ine manambala a pamwamba pake sindiwerenga, koma anandiphunzitsa ndi chala chachikulu. Ukadina n'kulowa, ndiyo yake. Ukadina n'kukana, bweza. Madzulo aliwonse ankaichotsa n'kundipatsa, ine n'kuiika m'chitini cha mchere, ati wakuba sangapite patali ndi galimoto yopanda tampa. M'mawa ndine ndinkathira madzi, a mvula okhaokha a mu diramu, osati a pa mjigo, n'kutseka ndekha. Zaka zonsezo galimoto ija sinatulukepo pabwalo ndisanaitseke ine.

Kutatsala milungu itatu, Armando anabwera nkhope ili pansi. "Amayi, radiyadoro ija yadyeka yonse, mekaniko waitaya ku zitsulo zakutha. Ndipatseni tampa ndikayezere yatsopano." Ndinatsegula chitini n'kumupatsa ndi manja anga. Mawa lake anandikweza pa njinga ya moto kupita kusitolo ya zitsulo, ati ndikasankhe ndekha. Wogulitsa anatulutsa ziwiri, zonse zowala, m'mbali pulasitiki wakuda. Nditanyamula, ngati lichero. Ndinati, "Izi zingamwetse motoro ija?" Wogulitsa anayang'ana Armando, Armando anati, "Za masiku ano n'zopepuka, amayi, koma zimagwira ntchito kuposa zakale." Ndinati, "Nanga tampa yanga ilowa pakamwa apa?" Armando anati, "Ilowa. Sankhani, galimoto ndi yanu." Ndinaloza imene inkaoneka yonenepako. Lero ndiye ndikudziwa chimene ananditengera kumeneko. Ankafuna kuti zikadzavuta adzanene kuti anasankha ndi amayi.

Tinanyamuka Lachinayi kutangocha, kuti tikafike ndi tsiku lopuma. Kumbuyo tinaika mtanda wa simenti, nditaukulunga ndi kapulana, zitenje zanga ziwiri, matumba awiri a simenti, mpunga, ndi zigubu ziwiri za madzi a mvula. Nditatenga chigubu kuti ndithire, Armando anati, "Ndathira kale, ndatseka kale. Kwerani, dzuwa litipeza." Mtima unandiuza kuti tsegula uone. Koma mwana wagwira ntchito miyezi iwiri, ndimuchititse manyazi pamaso pa mkazi wake? Ndinakwera. Chitseko cha mbali yanga tinachimanga ndi chingwe monga kale.

Tisanatuluke n'komwe mu Cuamba, pamene pamaima a shapa, anaimika. Ati tipezeko ya mafuta. Anakweza bambo wina ndi malata asanu ndi limodzi, ndi mayi wina wa madengu atatu a nsomba zouma, Mlomwe wamkulu thupi, pakamwa posatseka. Mayiyo anakangana za mtengo mpaka ndinatopa, ati pa galimoto yoteroyo woyenera kulipidwa ndi iyeyo chifukwa cholimba mtima kukwera. Pomaliza analipira theka, n'kudzakhala kutsogolo pakati pa ine ndi Armando, ntchafu yake pa ntchafu yanga. Ndinati, "Armando, dengu la nsomba lisakhudze mtanda wa bambo ako." Anati silikhudza. Linakhudza.

Pa chipata cha apolisi anatiimika. Wapolisi wake mwana wa dzulodzuloli, anazungulira galimoto kawiri akuseka, ati, "Agogo, wamkulu ndani, inu kapena iyi?" Ndinati, "Ine, koma iyi ili ndi mano ambiri." Anaona mapepala, anaona mtanda, anavula chipewa n'kutiuza kuti tizipita.

Msewu tsopano ndi wa phula, si uja unkatigwedeza chiwindi. Galimoto inkayenda, Joana, inkayenda ngati masiku aja tinkapita kukaona fodya kwa agogo ako. Koma ine maso anali pa kasingano kamene kamaonetsa kutentha. Bambo ako ankati kakapitirira pakati uzinena. Kanapitirira pakati. Ndinanena. Armando anati, "Motoro yatsopano imatero." Ndinati, "Yatsopano ndi mano okha, mafupa ndi akale." Mayi wa nsomba anaseka mpaka kundiponda phazi. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti galimoto inali chete. Kale madzi akatentha tampa ija inkayamba kuimba mluzu, n'kulavula pang'ono pansi, ife n'kudziwa kuti tiime pamthunzi. Tsiku limenelo kasingano kali kumapeto, mluzu osamveka.

Titayandikira Mitande, pa kachitunda kenakake, kunsi kunalira phuu. Nthunzi mbuu kutsogolo konse, msewu osaoneka. Bambo wa malata anadumpha galimoto isanaime bwino, nsapato imodzi n'kutsala m'mwamba. Armando anaikokera pambali. Madzi anga a mvula onse anali pa phula akuthamangira mu ngalande.

Ndinadikira kuti izizire, n'kumasula chingwe cha chitseko. Armando ali pansi pa galimoto akuti paipi ya mphira ya kunsi yang'ambika. Ine ndinakulunga dzanja ndi kapulana n'kupotokola tampa. Joana, sinali yanga. Yanga ndi yakuda ndi ukalamba, khutu limodzi lopindika. Iyi inali yowala ngati ndalama. Ndinadina ndi chala, yakana. Ndinadina ndi zala ziwiri, yakana. Ndinati, "Armando, tuluka uko. Tampa ya bambo ako ili kuti?" Anatuluka theka, ati, "Sinalowe, amayi, pakamwa pake n'posiyana. Ndinaisiya ku ofisina." Ndinati, "Kusitolo kuja unati ilowa." Anabwerera kunsi kwa galimoto.

Pa Mitande tinakhala kuyambira dzuwa lili apa mpaka litapendeka. Bambo wa malata anaimitsa lole n'kupita, ndalama yake anaifunsa ndipo anapatsidwa. Mayi wa nsomba anati sapita kulikonse, walipira mpaka Mandimba ndipo akafika ku Mandimba ngakhale pamsana pa Armando. Ntchentche za dera lonse zinamva kuti kwabwera nsomba. Tinagula chinangwa chophika kwa mayi wina wa pafupi, anatibwereka ndi mphasa. Anthu opita kumunda ankaima, kusuzumira m'motoro, aliyense ndi nzeru zake. Wina ati thiranimo ufa wa fodya, wina ati dzira. Ndinati amene athire dzira mu galimoto ya a Zakariya athire ine nditafa. Pomaliza wokonza njinga anatigulitsa chubu chakale, Armando anadula malamba n'kukulunga paipi ija, kumanga ndi waya.

Ndi pamphasa paja pamene mayi wa nsomba anati, "Mukafika ku Mandimba pitani kwa che Amidu, kuseri kwa msika. Za maradiyadoro msewu wonse uno ndi iwo okha." Armando anayankha msanga kwambiri. "Amenewo ayi. Amachedwetsa." Ndinati, "Uwadziwa bwanji, iwe wa ku Cuamba?" Ati anangomva. Ndinasunga mumtima.

Kuchokera pamenepo tinayenda ngati tikuperekeza maliro. Tampa yowala ija ndinaiika mongogwirizira, yosamanga, kuti madzi azipuma. Chigubu chachiwiri chinatha tisanapite patali. Kenako mjigo uliwonse kuima, kupempha ndowa, kuthira. Madzi a pa mjigo, amene bambo ako sankalola ngakhale kutsukira galasi. Ndinkathira ndikupepesa. Shapa zinkatidutsa, makondakitala akutikuwiza kuti tigulitse kwa a zitsulo. Tinalowa mu Mandimba dzuwa likulowa, n'kukagona kwa mwana wa mchemwali wanga, uja anakwatiwa ndi telala. Kiyi wa galimoto ndinagona naye ine, pa mfundo ya kapulana.

Lachisanu m'mawa Armando ati tipitirire, chubu chagwira. Ndinati, "Mapiri a ku Ngauma uwadziwa iwe? Tipita kwa che Amidu, apo ayi kiyi sutenga." Ndinamupatsa kiyi, anayendetsa. Titafika anaimika patali, anatsitsa chipewa kumaso, ati mutu ukumupweteka, ndilankhule ndine.

Che Amidu ndi Myao wachikulire, wamfupi, kofiya yoyera, magalasi omanga ndi waya. Pabwalo pawo maradiyadoro ali ndandanda kutsamira khoma. Anasuzumira mu galimoto yathu, anagogoda chowala chija ndi chala, n'kupukusa mutu. Ati, "Amayi, iyi ndi ya kagalimoto konyamula mphunzitsi ndi chikwama chake. Njira za madzi mzere umodzi. Motoro yachitsulo ngati iyi, ndi katundu uyu, imafuna mizere itatu." Anatenga tampa ija n'kuidina. "Ndipo iyi n'njolimba kawiri kuposa yoyenera. Radiyadoro yaing'ono yalephera kuziziritsa, tampa yakana kutulutsa, ndiye mphamvu yonse inafuna pofooka. Muthokoze kuti chaphulika ndi paipi. Mukanakwera nayo mapiri mukanawotcha motoro yonse." Ndinati, "Mwamuna wanga ankanena zomwezo." Ati, "Ndiye anali munthu wodziwa. Dikirani, ndili nayo ina ingakwane. Ndinaigula ku Cuamba mwezi wathawu, ndimapitako kukafuna zamkuwa."

Analowa m'kanyumba n'kutuluka akubuula. Anaiika pansi patsogolo panga. Anali ataitsuka, koma ine sindinayang'ane kwina, ndinayang'ana pamwamba, kudzanja lamanzere. Batani la jekete la bambo ako lili pomwepo.

Ndinakhala pa tayala. Ndinati, "Che Amidu, batani ilo ndinagwira ndine." N'kuwaonetsa chipsera. Anayang'ana dzanja langa, anayang'ana batani, kenako anapita pa zenera la galimoto n'kuwerama. Ati, "Bambo, takwezani chipewa. Si inu kodi?" Armando anatuluka. Che Amidu sanakweze mawu. Anati, "Tsiku lija ndinakufunsani. Ndinati zinthu zosamalidwa chonchi zimakhala ndi mwini, kulibe mayi wamasiye? Inu munati alipo koma akalamba, sasiyanitsa radiyadoro ndi sefa."

Selina, waimiranji? Lemba. Sefa, yosefera ufa. Lemba momwemo. Ukalira ulire ukatha.

Ndinati, "Armando, unanena zimenezo?" Ati, "Amayi, zitsulo za m'kati mwa motoro zinadula, ndinasowa kolowera. Mkuwa uli ndi mtengo. Ndinkafuna galimoto iyende tsiku lisanafike." Ndinati, "Sindinakufunse za mtengo wa mkuwa." Joana, akanabwera n'kunena kuti amayi zavuta, mbuzi zili m'khola zija n'zantchito yanji? Mwina ndikanalola ndekha kugulitsa radiyadoro, ndikanalira n'kuleka. Koma kunditenga pa njinga ya moto, kundiimika kusitolo ngati chidole, sankhani amayi galimoto ndi yanu, kumbali akuuza alendo kuti mutu wanga unatha.

Anaima pamenepo akukanda pansi ndi nsapato. Kenako ati, "Ndikagule paipi kumsika." Ndinati pita. Ndinakhala pa benchi ya che Amidu. Dzuwa linakwera. Anandipatsa tiyi. Ndinkayang'ana njira ya kumsika, aliyense wa malaya abuluu ndinkati ndi iyeyo. Nthawi ya kumzikiti itayandikira, amene anatulukira ndi mayi wa nsomba uja, dengu pamutu, kudzaona ngati takonza. Ati, "Amama, mwana wanu uja ndamuona akukwera shapa ya ku Cuamba. Ndimayesa mwamutuma." Ndinati, "Eya, ndamutuma." Anandiyang'ana, ndipo koyamba chichokereni ku Cuamba anatseka pakamwa. Anandisiyira nsomba zinayi m'pepala n'kupita.

Ndinatsala ndi mtanda, simenti, galimoto yong'ambika mimba, woyendetsa palibe, mwambo mawa. Ndinaganiza zokweza mtanda pa shapa. Ndinaganizadi. Koma mawu aja a thumba la makala ankandilira m'khutu.

Che Amidu atabwera kuchokera kopemphera anandipeza pomwepo. Ati, "Amayi, radiyadoro iyi ndinalonjeza kale munthu wa chigayo, sindingakupatseni. Koma kubwereka ndingathe. Ikaperekeze mwini wake." Anavula mkanjo n'kuyamba ntchito. Sinali yaing'ono, chifukwa timiyendo togwira radiyadoro yakale Armando anali atadula kuti chowala chija chikwane. Anawotcherera tina, anapeza paipi, anatsuka madzi a pa mjigo aja onse. Madzi a mvula anali nawo mu diramu, iwonso ndi a chikhulupiriro chomwecho. Pomaliza anakhuthula chitini cha misomali pa tebulo, n'kutola chinthu chakuda cha khutu lopindika. Ati anaigula pamodzi ndi radiyadoro. Ndinadina ndi chala. Yalowa. Ndinathira madzi ndekha, n'kutseka ndekha.

Loweruka kusanache bwino anabwera atasamba, ati, "Kwerani, ndikuyendetsani." Ndinati, "Inu Asilamu, kunyamula mtanda?" Ati, "Ine ndanyamula radiyadoro yanga, zakumbuyo n'zanu." Tinaseka. Pa chitunda chachitali chija usanapatuke kulowa njira ya fumbi, tampa inayamba kuimba mluzu wake. Ndinati, "Imani pamthunzi apo." Ati kasingano sikanafike. Ndinati, "Imani, ndikuidziwa." Anaima, tinadikira, tinawonjezera makapu awiri, basi. Mpaka kumudzi sinadandaulenso.

Tinafika anthu atayamba kale nyimbo. Atamva kulira kwa galimoto, achikulire anaizindikira isanaoneke, azakhali ako aakulu anathamanga chitenje chikugwa. Potsitsa mtanda panafunika amuna anayi. Atatu anali adzukulu a kumudzi. Ngodya yachinayi, ya kumutu, imene amagwira mwana wamwamuna woyamba, inatsala yopanda munthu, onse akuyang'ana mu galimoto kuti Armando atuluke. Amene anagwira ndi che Amidu, kofiya ili kumutu. Atandifunsa kuti mwana ali kuti, ndinati malungo amugwira panjira. Ndinanama nditaima pamanda a bambo ako, a padiri ali pomwepo. Bodza limenelo ndi limene likundiwawa kuposa zonse, chifukwa ndinanama poikira kumbuyo munthu amene anandinamiza.

Lamulungu tinabwerera ku Mandimba. Che Amidu anachotsa radiyadoro ine ndikuona, n'kuibwezera m'kanyumba. Anafunsa ngati abwezeretse chowala chija kuti galimoto ipeze njira yobwerera kuno. Ndinakana. Ati auza wa chigayo uja kuti adikire mpaka mwezi uthe, koma amene anaigulitsa abwere yekha adzalankhule nawo, osatuma munthu, osaimba telefoni. Tampa anandipatsa, ati imeneyo sanayenere kuigula n'komwe. Ine ndinakwera shapa, anatipanikiza anayi pampando wa atatu, nkhuku ya munthu ili pamiyendo panga mpaka Cuamba.

Lero ndi tsiku lachitatu ndili pakhomo. Armando amakhala nyumba zitatu kuchokera pano. Sanabwere. Dzulo anatuma Selina yemweyu ndi paketi ya shuga. Shugayo ili pa tebulo, sindinaitsegule.

Ndiye iwe Joana, poti mlongo wako amamva iwe, muimbire. Usamukalipire, ine ndimukalipira ndekha. Ungomuuza kuti mwezi watsala masiku owerengeka, ndipo njira ya kwa che Amidu akuidziwa bwino. Akakatenga radiyadoro ya bambo ake n'kuiika, galimoto siichoka pansi pa mango paja yopanda tampa. Tampa ili kuno, m'chitini cha mchere. Adzabwere adzaipemphe yekha, pakhomo pano, masana, kwa mayi uja wosasiyanitsa radiyadoro ndi sefa.

Wamaliza? Usandiwerengere, ndikudziwa zimene ndanena. Pukuta m'maso, dina pamene umadina paja. Tumiza tsopano, ndisanayambe kumumvera chisoni.